Luzi la a Mbewe

Januwale 1956

Ana anga, za ubwana wanga mumazidziwa kale, ndipo si zambiri. Ndiyambira pa tsiku limene ndinatsika lole pamphambano, sutikesi yamalata pamutu, n'kuyenda wapansi mpaka kuchipatala cha mishoni kumene ndinayambira ntchito. Dzina la chipatalacho sindilitchula. Chinali pakati pa midzi ya alimi a fodya kumadzulo kwa Lilongwe, ndipo odwala ankabwera pangolo kapena pamachira kuchokera ku Nsaru, ku Kabudula ndi ku Mpingu. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndinali nditaphunzira zaka ziwiri kusekondale, mwayi umene atsikana ochepa ankaupeza masiku amenewo, ndipo kumeneko ndinatengako chizolowezi cholemba m'kope zonse zimene ndaona pa tsiku. Makopewo ndidakali nawo. Patsamba loyamba la chaka chimenecho ndinalemba kuti: "Lero ndayamba ntchito yothandiza odwala. Ndikhulupirira kuti ndikalimbikira, aliyense amene ndimugwire adzanyamuka."

Bwana wanga woyamba anali Sisitere Marita, mzungu wamtali wa manja ngati a mwamuna, amene ankalankhula Chichewa chothyokathyoka koma chomveka. Ananditengera kuchipinda chakumapeto, chimene antchito ankachitcha kuti kwa amsana. Munali mabedi anayi. Mmenemo munkagona amuna othyoka msana, amene miyendo yawo inafa pamene iwo ali moyo. Ntchito yanga inali kuwatembenuza maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda, kuwasambitsa, kuwatulutsa mkodzo ndi kapaipi ka mphira, ndi kuchapa. Timapaipito tinali titatu tokha, ndipo tinkatiwiritsa mpaka titafewa ngati matumbo a nkhuku. Thonje likatha tinkang'amba nsalu zakale. Sopo akatha tinkachapa ndi phulusa. Ambiri mwa amunawo sankatha chaka; chilonda chapathako kapena malungo a m'chikhodzodzo ankawatenga. Izi Sisitere anandiuza tsiku loyamba lomwelo, osandibisira, koma m'kope langa sindinazilembe.

Juni 1956

Sisitere anali atagwirapo ntchito ku Ulaya nkhondo itangotha, pachipatala china cha asilikali othyoka msana. Ankati kumeneko odwala sankaloledwa kungogona. Ankawakweza pazikuku n'kumapikisana, ndipo amene ankasewera ndiwo ankakhala moyo. Chikuku chenicheni tinali nacho chimodzi. Ziwiri zina anatipangira mmisiri wa matabwa wa pamishoni: mipando yodyera yoikidwa pamagudumu a njinga zakale. Lamlungu lililonse masana, amene anali ndi mphamvu ankachoka pakhonde la amsana, kudutsa pamtengo wa mango umene unali pakati pa njira, mpaka kukagunda chitseko cha tchalitchi. Njirayo inali yafumbi, ndipo kuyambira pamango inkakwera pang'ono. Munthu wa miyendo sakanazindikira n'komwe kuti pali chitunda.

Katswiri wathu anali a Zuze, bambo wankhongono amene mwala unamugwera m'chiuno kumigodi ya ku Joni. Pakamwa pawo sipankatsekeka. Ndiwo anayamba kunditcha Mayi Kope.

Mwezi umenewo anabwera nawo a Lufeyo Mbewe. Ngolo ya fodya inawagubuduzikira akupita kumsika, ndipo msana unathyokera pamwamba, pakati pa mapewa. Manja ankagwira bwino, koma kuyambira pachifuwa kutsika sankamva kanthu. Anali munthu wa zaka ngati makumi atatu, wofatsa, wamanyazi. Kwawo kunali ku Kabudula, koma ankakhala pachikamwini kumudzi kwa akazi awo, Nabanda, kufupi ndi Nsaru. Anali ndi ana awiri.

"Ndinu mkamwini, eti?" a Zuze anawafunsa tsiku limene anayamba kulankhula. "Akulu amati mkamwini asamakule mwendo. Koma inu achimwene mwamvera mopitirira, mwaisiya yonse iwiri."

Chipinda chonse chinaseka. A Mbewe nawonso anaseka, koma nditapita kukawatembenuza ndinapeza pilo atanyowa.

Epulo 1957

Zinatenga miyezi yambiri kuti a Mbewe akhale tsonga osakomoka. Titawakweza pachikuku koyamba anagwa chafufumimba ngati thumba la chimanga losamanga, chifukwa mimba ndi msana wawo zinalibe mphamvu yowaimika. Tinayamba kuwamangirira kumpando ndi chitenje, chozunguliza pachifuwa. Manja awo anali aakulu kuposa a a Zuze, manja a khasu ndi nkhwangwa, ndipo ine ndinkaganiza kuti posachedwa adzawapitirira onse. Sizinatero. A Zuze ankaweramira kutsogolo n'kukankha magudumu ndi thupi lonse, thukuta lili kamukamu mpaka m'chiuno. A Mbewe ankakankha ndi mikono yokha. Akafika pamango nkhope inkatuwa, maso ankachita mdima, manja n'kugwa. Lamlungu lililonse ankathera pamango, ine n'kuwabweza.

Ndinafunsa Sisitere ngati unali ulesi kapena mantha. Anandigwira dzanja n'kuliika pamkono wa a Zuze, amene anali atangomaliza. Mtima unkagunda ngati ng'oma. Kenako analiika pamkono wa a Mbewe. Unkagunda mwakachetechete, ngati wa munthu amene wangokhala pamkeka.

"Waona?" anatero. "Mumsana simudutsa mawu a miyendo okha. Mumadutsanso mawu ouza mtima kuti fulumira, ouza magazi kuti kwera, ouza khungu kuti tulutsa thukuta. A Zuze anathyoka pansi, mawu amenewo amafika. A Mbewe anathyoka pamwamba. Manja akupempha magazi, koma wotumiza kulibe. Ndipo gwira pamimba pawo: pouma. Dzuwa likawalowa, silituluka."

Madzulo ake ndinalemba m'kope kuti: "Sisitere akuti thupi la a Mbewe lili ndi malire. Koma Sisitere sadziwa mtima wa a Mbewe."

Nabanda ankabwera kawiri pa mwezi, wapansi, mwana kumbuyo, atanyamula mbatata yootcha kapena mtedza. Anali wochepa thupi, wosalankhulalankhula. Ankakhala pansi pafupi ndi bedi n'kumasisita mapazi a amuna ake, ngakhale ankadziwa kuti sakumva. Tsiku lina anabwera ndi amalume ake, a Gwaza, amene anali mwinimbumba, woyang'anira alongo awo ndi ana a alongowo. Sanali munthu wankhanza. Anavula chipewa, anapereka moni kwa aliyense, n'kukhala pamphepete mwa bedi. Ine ndinali pomwepo ndikusintha nsalu, ndipo sanandithamangitse.

"A Mbewe, ife tilibe nanu mlandu," anatero. "Munatilimira, munatimangira nkhokwe. Koma mwana uyu ali yekha. Amayi ake akalamba. Kumunda yekha, kumadzi yekha, ana awiri. Tsono anyamulenso inu?"

"Sadzandinyamula, amalume. Manja ndili nawo. Kusoka fodya ndingathe, kusankha fodya ndingathe, kudimba ndikhoza kumabzala nditakhala pansi."

"Nanga kudimbako mukafika bwanji?"

"Pachikuku. Ndekha."

A Gwaza anayang'ana pazenera. "Ndamva kuti mumathamangitsana mpaka kutchalitchi uko. Kuchoka pakhomo panu kufika kudimba ndi chimodzimodzi. Mvula isanagwe ndidzabwera ndi ankhoswe. Mukakafika nokha, popanda wokugwirani, mudzabwerera kumudzi. Mukalephera, tidzakuperekani kwa abale anu mwaulemu, mwanayu amasuke."

Nabanda sanadzutse mutu.

Ogasiti 1957

Lamlungu lachiwiri la mwezi umenewo a Mbewe anadutsa pamango. Sindinakhulupirire maso anga. Nkhope inali yofiira, thukuta likuyenderera pamphumi ndi m'khosi, manja akupalasa ngati si awo. Anakagunda chitseko cha tchalitchi a Zuze atangofika kumene.

"Aa, mkamwini wadya chiyani lero?" anakuwa a Zuze. "Mayi Kope, lembani! Lembani kuti Zuze watsala pang'ono kuchita manyazi!"

Ndinalembadi, masamba awiri athunthu. Pomaliza ndinati: "Pemphero ndi khama zagonjetsa malire."

Madzulo a tsiku lomwelo, ndikuwavula sokosi imene tinkawaveka kuti mapazi asakhulike, ndinapeza luzi lopota litamangidwa pachala chachikulu cha phazi lamanzere. Linali lothina mpaka kulowa m'mnofu, ndipo pamfundo panali kachikopa kosokedwa. Ndinadziwa kuti ndi chithumwa.

"Anamwino, chonde," a Mbewe ananong'ona. "Mlongo wanga anakachitenga kwa asing'anga ku Kabudula. Akuti ndizimanga kolimba ndikafuna mphamvu, chimaitana miyendo. Ndipo chikugwira. Ndikangomanga, pakapita kanthawi mutu umayamba kugunda, thupi limatentha, ndimamva ngati ndabwerera. Musawauze Asisitere. Achitentha."

Zinali zoona. Lamulo la pamishoni linali lakuti chithumwa chikapezeka chitenthedwe, ndipo wokakamira ankabwezedwa kwawo. Ine ndinali mtsikana wa sukulu, wa tchalitchi, sindinkakhulupirira zithumwa. Ndinaganiza kuti luzi ndi luzi, silingachite kanthu, chabwino kapena choipa. Ngati likuwalimbitsa mtima, lisiyeni. Komanso kwathu mtsikana saulula za m'thupi mwa bambo wa mwini. Ndinawathandiza kumasula, ndinapaka mafuta pachalapo, n'kukhala chete. Masabata asanu ndi atatu ndinakhala chete. Lamlungu lililonse ankaweramira pansi atagwira bedi, n'kumanga okha, ine ndikuyang'ana kumbali.

Okutobala 1957

Pakati pa mweziwo kapaipi ka wodwala wina, mkulu wothyoka m'khosi, kanatsekeka. Nkhope yake inafiira, thukuta linatuluka pamphumi, anayamba kulira kuti mutu ukung'ambika. Sisitere anathamanga, chinthu chimene sindinamuonepo akuchita. Anasintha kapaipi, mkodzo unatuluka, ndipo mkuluyo anakhala bwino nthawi yomweyo. Kenako anandiitanira pakhonde.

"Zimene waonazi usadzaziiwale. Munthu wothyoka pamwamba, chinthu chikamamupweteka kumunsi, iye samva, koma thupi limamva. Chikhodzodzo chodzaza, munga, nsapato yothina, chilichonse. Magazi amakwera mopanda woletsa. Ukachedwa kuchotsa chopwetekacho, mtsempha umaphulika m'mutu. Ndinaona mnyamata wamphamvu akufa choncho, tikumuyang'ana."

Ndinafunsa ngati magazi okwera choncho angamupatse munthu mphamvu.

"Kwa kanthawi, inde. Ngati nyumba ikamapsa, imawala."

Sindinamuuze za luzi lija. Ndinapita kwa a Mbewe, ndinagwada pafupi ndi bedi, n'kuwafotokozera zonse monga ndinazimvera. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye kuti si mankhwala?"

"Ayi, bambo. Ndi ululu umene simukuumva."

"Koma chikugwira."

"Chikhoza kukuphani."

"Anamwino, inu ndinu mwana. Amalume abwera Lamlungu likudzali. Ndimange kamodzi kokha, basi, kenako mukachitenthe nokha. Kodi ku Kabudula mukuganiza kuti ndikakhala moyo? Amayi anga ndi nkhalamba, maso saona. Adzanditembenuza ndani maola awiri aliwonse? Kuno mwina ndifa, uko ndifa ndithu. Ndisiyeni ndisankhe."

Masiku anayi otsatirawo m'kope mulibe chilichonse.

Lamlungu kunatentha kuyambira m'mawa. A Gwaza anafika ndi ankhoswe awiri, ndi Nabanda, nthawi ya Misa. Masana anthu anaima m'mbali mwa njira, chifukwa nkhani inali itamveka. Ndinakweza a Mbewe pachikuku, ndi mnzanga wina, n'kuyamba kuwamanga chitenje pachifuwa. Anali atamanga kale luzi, kale kwambiri kuposa masiku onse, ndiponso kolimba. Thukuta linali likutsika m'makutu. Diso lamanja linali lofiira ngati mwalowa magazi, ndipo ankaphethira ngati sakuona bwino. Nditagwira mkono wawo, mtsempha unali wolimba ngati chingwe cha ng'ombe. Ndinagwada ngati ndikukonza phazi, ndinakweza sokosi. Chala chinali chakuda bii.

"Musayerekeze," anatero chapansipansi. "Ndikukupemphani ngati mwana wanga."

Sizasi inali m'thumba la yunifolomu. Ndinaganiza za Nabanda, ndinaganiza za ana awiri aja. Ndinaganizanso kuti akagwa pakati pa njira, ine ndidzakhala ndikudziwa chimene chawapha, ndipo ndinali nditachiona ndi maso. Ndinadula. Iwo sanamve, koma anaona dzanja langa likulowetsa luzi m'thumba.

Sanakuwe. Anangoti, "Mwandimaliza."

Sisitere anaimba belu. A Zuze ndi mnzawo anachoka ngati mphepo. A Mbewe anayamba bwino, chifukwa magazi anali asanatsike, koma asanafike pamango kufiira kunachoka pankhope. Anadutsa pamango. Popanda luzi anali asanadutsepo. Anakwera chitunda mikono isanu, mwina isanu ndi umodzi. Kenako chikuku chinaima. Ankakankha, magudumu n'kuyenda pang'ono, n'kubwerera. A Zuze anali atagunda kale chitseko. Anatembenuka n'kuyamba kukuwa, nthabwala zonse zitatha.

"Tiyeni achimwene! Kankhani! Musayang'ane anthu, yang'anani ine! Kamodzi! Kamodzinso!"

Mutu wa a Mbewe unayamba kugwera pachifuwa. Chikuku chinayamba kubwerera chambuyo, pang'onopang'ono, kulunjika kungalande ya m'mbali mwa njira. Ine ndinali kutali, pakhonde. Amene anali pafupi anali Nabanda. Sindikhulupirira kuti anaganiza. Anathamanga, mwana akugwedezeka kumbuyo, anagwira mpando, ndipo m'malo mongouimitsa anaukankha. Anakankha chitunda chonse, mapazi akuterereka m'fumbi, mpaka magudumu anagunda chitseko cha tchalitchi. Amayi ena anayamba nthungululu, n'kuzisiyira pakati ataona kuti palibe wowatsatira.

A Gwaza anavala chipewa. Analankhula ndi ankhoswe, osati ndi ife, koma tonse tinamva.

"Mwaona nokha. Mwanayu amawakonda amuna ake, ndipo ndicho ndikuopa. Adzakankha chonchi tsiku lililonse mpaka naye msana udzathyoke. Ine ndili moyo, ayi."

Novembala 1957

Ukwati unatha m'sabata yomweyo. Ndinamuuza Sisitere zonse, ndinamupatsa luzi. Sanalitenthe pamaso pa anthu, ndipo sanandikalipire za masabata asanu ndi atatu aja. Anangoti kuyambira tsopano ndizivula sokosi za aliyense mpikisano usanayambe, ndipo ndinachita zimenezo zaka zonse zimene ndinagwira ntchito kwa amsana. Anapempha a Mbewe kuti akhalebe pachipatala. Anakana. Anati bedi lipite kwa munthu amene ali ndi kobwerera. Chala chija tinachidula, chinali chitafa. Masabata atatu amene anatsala nafe ankalola kuti ndiwatembenuze, koma sankandiyankha moni. A Zuze nawonso anasiya kunditcha Mayi Kope.

Mlongo wawo anabwera ndi ngolo yobwereka mvula yoyamba itagwa. Tinayala udzu ndi matiresi akale. Sisitere anawapatsa chikuku chimodzi cha matabwa ndi kapaipi kamodzi mwa titatu tija, ndipo ine ndinamuphunzitsa mlongoyo kuwiritsa ndi kutembenuza. Ankangovomera, koma ndinkaona kuti akuwerenga m'mutu minda yake ndi ana ake. Titawakweza, ndinagwira m'mphepete mwa ngolo.

"Bambo, ndikhululukireni."

Anandiyang'ana. "Anamwino, kodi mukanandisiya, ndikanafika?"

Ndikanatha kunama. "Mwina mukanafika."

"Ndikanafa?"

"Mwina. Sindikudziwa."

"Inenso sindikudziwa," anatero. "Koma inu munadziwa msanga." Kenako anauza mlongo wawo kuti ng'ombe zinyamuke.

Uthenga unatipeza mu Malichi chaka chotsatira, kudzera mwa munthu wa ku Kabudula amene anabwera ndi mwana wodwala. Chilonda chapathako chinafika pafupa. Anati kumaliro kunabwera mayi wina wochepa thupi wochokera ku Nsaru, wapansi, amalume ake atamuletsa, ndipo ndiye anafika woyamba.

Ndagwira ntchito ya unamwino zaka makumi atatu ndi zinayi, m'zipatala zisanu, ndipo ndaphunzitsa atsikana ambiri kuti akaona nkhope yofiira ndi thukuta pamphumi pa munthu wothyoka msana, afufuze chopweteka n'kuchichotsa, osafunsa. Ndimawaphunzitsa mosakayika, chifukwa ndi zoona. Koma inu ana anga ndikuuzani zimene sindinawauze iwowo. Ndinawasungira a Mbewe miyezi isanu, ndipo anaikhala ku Kabudula, atagona chafufumimba m'nyumba ya amayi awo, kutali ndi ana awo. Sanandipemphe miyezi imeneyo.